Timabotolo ta Magazi mu Filiji ya Mayi Chimwaza

BUNGWE LA MALIRO LA TIKAFIKE KWATHU, NTHAMBI YA DELFT
Zolembedwa za msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Lamlungu, 18 Ogasiti 2024
Malo: Galaja ya Wapampando, Delft South, Cape Town

OPEZEKA
Bambo Gresham Mkandawire, Wapampando
Mayi Winnie Gondwe, Wachiwiri kwa Wapampando
Bambo Safeli Dzimbiri, Mlangizi wa bungwe, amenenso ndi mkulu wa mpingo
Bambo Bester Lungu, membala wa komiti
Mayi Faridah Ajasi, membala wa komiti
Bambo Clever Makwinja, Mlembi

OITANIDWA
Mayi Monica Chimwaza, nambala 18 m'buku la mamembala, wodandaula
Mayi Estere Chikaonda, nambala 41 m'buku la mamembala, woyankha dandaulo

OSAPEZEKA
Bambo Tumbiko Mhango, anapepesa kuti ali pa shifiti ku lesitilanti.
Bambo Eric Sambani, sanapepese, ndipo aka ndi kachitatu.

1. KUTSEGULA MSONKHANO

1.1 Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2:20 masana m'malo mwa 2 koloko, chifukwa a Lungu anati takisi yochokera ku Philippi imadikira kudzaza. Mayi Gondwe anapemphera mwachidule monga anapemphedwera.

1.2 Wapampando anati msonkhanowu uli ndi nkhani imodzi yokha, ndiyo ya Mayi Chikaonda. Anauza Mlembi kuti awerenge gawo 9 la malamulo a bungwe, limene limati membala wochita zaufiti, kapena zinthu zoika Amalawi anzake pangozi m'dziko la eni lino, dzina lake lifufutidwe m'buku.

1.3 Wapampando anakumbutsa onse tanthauzo la kufufutidwa. Munthu wotero akamwalira bungwe silinyamula thupi lake kupita nalo kumudzi, amakwiriridwa mumchenga wa kuno komwe, ndipo akakhala pamavuto ndi eni nthaka bungwe silimuyankhulira. Anati pa zaka khumi ndi chimodzi gawoli lagwirapo ntchito kamodzi kokha, choncho aliyense ayankhule atayamba waganiza.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

Zinavomerezedwa osawerengedwa, chifukwa a Dzimbiri anati nthawi yatha kale. Mlembi akupempha kuti zidziwike kuti anazilemba pamasamba anayi.

3. DANDAULO LA MAYI CHIMWAZA

3.1 Mayi Chimwaza anati iwo ndi Mayi Chikaonda amakhala m'mahoki, tinyumba ta malata ndi matabwa, oyandikana kuseri kwa nyumba ya mastandi mmodzi, kutanthauza mwini malo wochititsa lendi. Loweruka pa 3 Ogasiti chakumadzulo Mayi Chikaonda anabwera ndi kabokosi kapulasitiki kotseka bwino, napempha kuti kagone mu filiji yawo mpaka Lolemba, akuti ndi za kuntchito. Iwo anavomera. Lamlungu pofuna kupeza malo oika nkhuku anatsegula kabokosiko, ndipo anapeza timabotolo 24 ta magazi, kalikonse kali ndi nambala yake.

3.2 Anati atayang'anitsitsa anaona kabotolo kolembedwa 18, pamene 18 ndi nambala yawo m'buku la bungwe lino. Anaonanso 1, imene ndi ya Wapampando, ndi 7, imene ndi ya Mayi Ajasi. Nkhuku ija anaitaya.

3.3 Anati iwo kwawo ndi ku Phalombe, ndipo mu 2017, nthawi ya mphekesera za anamapopa, anali konko. "Ine za opopa magazi sindinachite kumva pa wailesi ayi. Tinkagona panja mudzi wonse, ana pakati. Ndiye munthu akusungitse magazi mu filiji yako, nambala yako ili pomwepo, ukhale chete? Aaa, no."

3.4 Mayi Gondwe anafunsa ngati anayamba afunsa mwini kabokosiko. Mayi Chimwaza anati ayi, amaopa. Anatumiza uthenga wa mawu ku gulu la WhatsApp la amayi kuti asamale. Mayi Gondwe anati uthengawo unafika kwa iwo Lachiwiri utakula kale, timabotolo titasanduka zidebe, ndipo pofika Lachinayi mwini shopu ya pakona, amene si Mmalawi, anawafunsa m'Chikhosa ngati n'zoona kuti mayi wa ku Malawi uja amagulitsa magazi a anthu kwa asing'anga.

3.5 A Lungu anati vuto lalikulu ndi limenelo. Kaya nkhaniyi ndi yoona kaya yabodza, anthu a m'misewu ino akapsa mtima sasankha kuti Mmalawi wake ndi uti, ndipo tonse tikudziwa mmene mahoki amapsera msanga. Komiti inavomereza kuti mantha amenewa si achibwana.

4. KUYANKHA KWA MAYI CHIKAONDA

4.1 Pothandiza mamembala amene samudziwa bwino, Mlembi akulemba izi. Mayi Chikaonda anaphunzitsa bayoloje ku sekondale yoyendera ku Dedza zaka zisanu ndi zinayi. Anafika kuno mu 2016 ndipo anagwira ntchito ya m'nyumba ku Fish Hoek, kwa mayi wina wopuma pa uphunzitsi wa ku yunivesite. Mayiyo atamupeza kangapo akuwerenga mabuku amene amayenera kuwapukuta fumbi, anamupezera ntchito yotsuka mabotolo ku labotale ya pa yunivesite ina. Tsopano amathandiza nawo kafukufuku komweko, uku akuphunzira digiri yachiwiri. Zimenezi Mlembi anachita kuzifufuza yekha, mwiniwake sanazitchulepo pa zaka zonse zimene wakhala akuphika nawo pa maliro athu.

4.2 Mayi Chikaonda anayamba ndi kupepesa. Anati kuika magazi mu filiji ya chakudya cha munthu, osamuuza n'komwe, kunali kulakwa, ndipo kuntchito anamudzudzula kale. Anati tsikulo anapita kwa asodzi a ku Kalk Bay kukatenga magazi a tishaki tating'ono, tinsomba ta m'nyanja ya mchere timene timakodwa mwangozi, galimoto yoti imutenge inafa panjira, ndipo iye alibe filiji. Manambalawo ndi a nsomba, monga mmene zinabwerera pa tebulo: yoyamba 1, yomaliza 24.

4.3 Anaonetsa kalata ya chilolezo ndi zithunzi za pa foni. A Dzimbiri anati pepala lotere aliyense atha kukasindikiza ku Bellville, ndipo anafunsa kuti munthu wanzeru zake magazi a shaki angawafunirenji. Anati ngati ndi ntchito yoona, aifotokoze m'Chichewa choti ngakhale iwo amene analekezera Sitandade 8 amve, chifukwa bodza ndi limene limabisala m'Chingerezi. Wapampando anamupatsa mphindi khumi.

4.4 Mayi Chikaonda anaimirira. Anati kachilombo kakalowa m'thupi, maselo a chitetezo amayenera kuuzana. Pakamwa alibe, ndiye amatumizirana timapuloteni tating'onoting'ono, timene iye anati tizingotitchula amithenga. Wina uthenga wake ndi wakuti bwerani kuno kuli bala. Wina amati tenthetsani thupi, ndiye munthu amayamba kutentha. Wina amati nkhondo yatha bwererani, ndipo ameneyu akapanda kumveka thupi limayamba kudzimenya lokha. Malangizo opangira mthenga aliyense analembedwa pa DNA, aliyense pamalo pake, motsatizana ngati nyumba za mumsewu umodzi.

4.5 Anati amithengawa sali mwa munthu yekha. Ali mwa zamoyo zonse zokhala ndi msana: mbuzi, nkhuku, buluzi, chule, chambo, mpaka shaki. Ntchito yake ndi kufufuza kuti mthenga uyu wa mwa munthu m'bale wake mwa shaki ndi uti, anachokera kwa kholo liti, ndipo anapatukana liti. Anati shaki ndi yofunika chifukwa mzere wake unapatukana ndi wathu zaka zoposa mamiliyoni mazana anayi zapitazo, kotero mthenga amene akupezeka mwa ife ndi mwa shaki yemwe ndiye kuti ndi wakale zedi.

4.6 Apa anapempha buku la mamembala. Mlembi anazengereza, popeza bukuli silichoka m'manja mwake, koma Wapampando analamula. Mayi Chikaonda anafunsa ngati nambala 1 ndi nambala 2 ali pachibale. Onse anati ayi, wina ndi wa ku Rumphi wina wa ku Nsanje, anangotsatizana pamzere tsiku lolembetsa. Anafunsa za nambala 7 ndi 52. Mayi Ajasi anati 52 ndi mchimwene wawo bere limodzi, anangofika mochedwa.

4.7 Mayi Chikaonda anati asayansi anachitanso chimodzimodzi. Gulu lalikulu la amithengawa limatchedwa intalukini (Mlembi walemba mmene anamvera), alipo pafupifupi makumi anayi, ndipo anawapatsa manambala potsata amene wayamba kudziwika. Patapita zaka anazindikira kuti manambalawo sanena za chibale. Nambala 1 ndi nambala 2 si apachibale. Nambala 1 abale ake ndi 18 ndi 33. Nambala 8 ndi wa mtundu winanso, wa aja oitanira asilikali a m'thupi pabala, anangolembedwa m'buku la eni. Ndiye kusanja amithengawa m'mabanja awo enieni ndi ntchito imene anthu akuigwirabe m'maiko ambiri, ndipo iye ndi mmodzi wa iwo.

4.8 A Lungu anati ngati 1 ndi 18 ali pachibale ndiye kuti Wapampando ndi Mayi Chimwaza azikambirana zimenezi kubanja. Anthu anaseka, kupatula Mayi Chimwaza. Wapampando anati a Lungu asunge nthabwala zawo.

4.9 Mphindi khumi zinatha. Mlembi anaona pa wotchi koma sananene, ndipo akuvomera kuti anachita dala.

4.10 Mayi Gondwe anafunsa kuti mabanjawo anachuluka bwanji. Mayi Chikaonda anati kalekale, zamoyo za msana zisanagawikane mitundumitundu, DNA yonse inakopedwa yathunthu, kenako inakopedwanso, kotero malangizo amene anali amodzi anakhala anayi. Makope ambiri anafufutika, ena anatsala ndi ntchito yakale, ena anaphunzira ntchito yatsopano. Kwa makolo a nsomba zambiri, chambo chomwe, kukoperako kunachitika kachitatu, n'chifukwa chake mthenga amene ife tili naye mmodzi nsombazi nthawi zina zili nawo awiri. Anati ngakhale achule aja a m'madamu a minda ya ku Philippi, amene kuno amati platana, ali ndi DNA yowirikiza, ndipo a Lungu amawaponda tsiku ndi tsiku osadziwa kuti akuponda nyama imene dziko lonse limaphunzirirapo.

4.11 Ananenanso kuti mthenga nambala 1 uja, amene ndiye amatenthetsa thupi la munthu wodwala, nsomba nazo zili naye. Koma nsomba siingathe kudzitenthetsa yokha, ndiye ikadwala imasambira kupita kumene madzi ali ofunda, ndipo zimenezi zinaonedwa pa nsomba za mtundu wa chambo. Mayi Ajasi anagwira pakamwa. Anati bambo awo anali msodzi ku Makanjira moyo wawo wonse, ndipo akanakhala moyo akanamusunga Mayi Chikaonda ndi mafunso mpaka mawa.

5. MAFUNSO

5.1 Wapampando anafunsa kuti ngati zaka zapita zochuluka chonchi, mthenga wa mwa shaki amamuzindikira bwanji kuti ndi m'bale wa mthenga wa mwa munthu. Mayi Chikaonda anati limenelo ndiye funso lenileni, ndipo kuntchito amakanganirana lomwelo. Anati amithenga a chitetezo amasintha msanga kuposa mbali zina za thupi, chifukwa tizilombo nato timasintha, ndiye ndi mpikisano wosatha. Mukaika malangizo a mthenga wa munthu pambali pa a shaki, kawirikawiri nkhope sizifanana n'komwe. Zikatero amasiya kuyang'ana nkhope, amayang'ana oyandikana naye pa DNA. Ngati wa kumanja ndi wa kumanzere ali omwewo mwa munthu, mwa nkhuku ndi mwa shaki, ndiye kuti wapakatiyo ndi yemweyo ngakhale wasintha chotani.

5.2 Wapampando anati imeneyo ndi ntchito imene iwonso amagwira. Anakumbutsa komiti za m'bale wathu amene anafa pamoto wa ku Philippi mu 2019, nkhope yosazindikirika, mapepala a m'thumba ali ndi dzina lobwereka. Apolisi anagwira njakata. Wapampando anapita pamalo pa phulusapo nafunsa kuti hoki ya kumanja inali ya yani, ya kumanzere ya yani, ndipo pofika madzulo anali atadziwa dzina, mudzi ndi mfumu yake, thupi linakafika ku Mzimba. "Ine ndimayesa nzeru imeneyi ndi ya ife osauka opanda mapepala. Kani ma professor nawonso amafunsa ma neighbour?" Mayi Chikaonda anati inde, ndipo iye pakadali pano akufufuza mthenga wina mwa tishakiti, oyandikana naye wawapeza kale, watsala mwini nyumba.

5.3 A Dzimbiri anati zamveka, ndipo sakukana kuti mayiyu mutu uli nawo. Koma anafunsa ngati zimene akunenazi zikutanthauza kuti iwo, Safeli Dzimbiri, mkulu wa mpingo, ndi m'bale wa chule. Mayi Chikaonda anati, "Kumbali ya amithengawa inde abambo, koma ndi chibale chakutali kwambiri, chija chongomvera maliro pa wailesi." Mayi Gondwe anatuluka panja kukaseka.

5.4 A Dzimbiri anati Genesis sanena zimenezo. Mayi Chikaonda anayankha mwaulemu kuti naye amaimba kwaya Lamlungu lililonse, ndipo sanapite ku labotale kukatsutsana ndi Mwini kulenga. Anati iye amangowerenga mmene zolembedwazo zakhala zikukopedwera kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo akaona kuti kansomba kogona pansi pa nyanja ya False Bay kali ndi mthenga yemwe uja amene amamutenthetsa iye thupi akadwala chimfine, iye amachita mantha a mtundu wa m'tchalitchi. A Dzimbiri anati yankholo ndi lokoma koma silinawakhutitse, ndipo anapempha kuti zilembedwe. Zalembedwa.

5.5 Mayi Ajasi anafunsa ngati kafukufukuyu adzatulutsa mankhwala. Mayi Chikaonda anati sakufuna kunama, iye sakupanga mankhwala. Anati alipo mankhwala a nyamakazi ndi a matenda ena a khungu amene amagwira ntchito potsekereza mthenga mmodzi, ndipo oweta nsomba amafuna kudziwa amithenga a nsomba kuti akonze katemera, koma zimenezo ndi za ena. Yake ndi yongodziwa kuti uyu ndi mwana wa yani. Mlembi waona anthu ambiri akudziteteza pamaso pa komiti ino, ndipo aka kanali koyamba kuona munthu akukana ulemu umene akupatsidwa waulere pa nthawi imene ukanamuthandiza.

5.6 Wapampando anafunsa Mayi Chimwaza ngati ali ndi funso. Anafunsa limodzi: ngati magazi a mu kabotolo 18 sanali awo ndithu. Mayi Chikaonda anati, "Mayi Chimwaza, ndikanawatenga liti, inu osamva? Anali a kashaki kakakazi, kotalika ngati mkono wanuwu. Tinakabwezeranso m'madzi kali moyo."

6. GANIZO LA A DZIMBIRI

6.1 A Dzimbiri anati za ufiti azisiya, palibe umboni. Koma gawo 9 lili ndi mbali yachiwiri, ya kuika anzako pangozi, ndipo madzi akatayika saoleka. Mphekesera ili kale mumsewu, ndipo bola ngati mayiyu akugwirabe ntchito ya magazi anthu sadzakhulupirira china chilichonse. Anapereka ganizo lakuti Mayi Chikaonda akhalebe m'buku pokhapokha atasiya ntchito ya ku labotale n'kubwerera ku ntchito ya m'nyumba, imene aliyense amaimvetsa. Anati iwo ali ndi bwana ku Fish Hoek amene akufuna munthu. Akakana, afufutidwe, kuti bungwe lithe kuuza komiti ya mumsewu ya eni dera kuti lachitapo kanthu. A Lungu anavomereza ganizoli, akuti osati mwachidani koma chifukwa ali ndi ana atatu m'hoki ya mapulanga.

6.2 Mayi Gondwe anatsutsa mwamphamvu. Anati wotaya madziwo si Mayi Chikaonda, ndi ife amene tinatumizirana uthenga uja osafunsa, ndipo iwonso eni ake anautumiza kwa anthu awiri. Anati chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe: lero tikamuchotsa uyu chifukwa anthu sakumvetsa ntchito yake, mawa tidzachotsa namwino, mkuja wogwira ntchito ku mochale. Mawu ena amene anayankhula kwa a Lungu m'Chitumbuka sanalembedwe.

6.3 Wapampando anafunsa Mayi Chikaonda ngati angalole ganizoli. Mlembi walemba yankho lake lonse mmene linalili.

"Wapampando, ine tsache sindilinyoza. Landidyetsa zaka zinayi, laphunzitsa mwana wanga ku Dedza. Ndipo musaganize kuti za kumudzi ndilibe nazo ntchito. Amayi anga agona ku Linthipe, pambali pawo pali malo, ndinawaona ndi maso angawa. Ndinalembetsa m'bukumu chifukwa ndikuopa kukwiriridwa kuno, kumene ngakhale wodzalambula pamanda sadzapezeka. Ndikuopa ndithu. Koma zaka zisanu ndi zinayi ndinkajambula selo pa bolodi ndi choko, ana n'kumandifunsa kuti madamu munaliwonapo, ine n'kumati eya, pamene sukulu yathu inalibe maikulosikopu ngakhale imodzi. Pano ndikuona ndi maso anga, ndipo pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene mwina ndingakhale woyamba kuchiona. Sindisiya. Ngati n'kufufuta fufutani, koma musanene kuti ndasankha ndine. Ine ndikufuna zonse ziwiri, ntchito yanga ndi kwathu."

6.4 Mlembi akupempha kuti anthu amene adzawerenge bukuli m'tsogolo adziwe kuti pakati pathu panali munthu wotere, wokhala m'hoki yopanda filiji, ndipo tinatsala pang'ono kumuthamangitsa.

7. VOTI NDI ZIGAMULO

7.1 Oitanidwa awiri anatuluka panja. Monga mwa malamulo Mlembi savota, ndipo Wapampando amavota pokhapokha mavoti akafanana.

7.2 Ovomereza ganizo la a Dzimbiri: awiri, a Dzimbiri ndi a Lungu. Okana: awiri, Mayi Gondwe ndi Mayi Ajasi.

7.3 Wapampando anati mantha a a Lungu ndi awonso, popeza galaja imene takhalamoyi nayo imatha kupsa. Koma anati iwo aperekeza matupi makumi anayi ndi atatu kudutsa Beitbridge ndi Mwanza, ndipo mwa onsewo munali oledzera, othawa akazi awo ndi ogulitsa chamba, palibe amene anamufunsa kuti ayambe wasiya zochita zake asanakwere galimoto. Anati sangayambire pa munthu amene mlandu wake ndi kudziwa zinthu. Anavota kukana ganizolo.

7.4 Zigamulo:
(a) Mayi Estere Chikaonda, nambala 41, akhalebe m'buku popanda chomuletsa pa ntchito yake.
(b) Mayi Chimwaza atumize uthenga wina wa mawu ku gulu lomwelo lero, wonena zimene amva pano, ndipo Mayi Gondwe aumasulire m'Chikhosa.
(c) Wapampando ndi Mayi Gondwe akaonane ndi mastandi komanso komiti ya mumsewu mawa Lolemba, atatenga kalata ya chilolezo ija.
(d) Membala aliyense asasungitse mnzake chinthu osamuuza kuti n'chiyani.

7.5 A Dzimbiri anati agonja pa voti koma maganizo awo pa nkhani ya chule sanasinthe. Oitanidwa anabwerera nauzidwa zigamulo. Mayi Chimwaza anavomera gawo (b), anati safunsa anadya phula, ndipo anapepesa akulira. Mayi Chikaonda anati zamveka, iyenso akanakhala wa ku Phalombe mwina akanachita chimodzimodzi.

8. ZINA NDI ZINA

8.1 A Lungu anafunsa ngati achule a ku Philippi aja amagulidwa ndi a ku yunivesite. Wapampando anati funsolo silikukhudza bungwe.

8.2 Mayi Chikaonda anathokoza komiti, napempha kuti gawo (c) lisinthidwe pang'ono, chifukwa kwa mastandi kulibenso chokakambirana. Anati lero cha m'ma 11 koloko m'mawa mastandi anabwera ndi amuna awiri, anatulutsa katundu wake yense n'kukhoma hoki ndi loko wina, akuti sakufuna kuotcheredwa nyumba chifukwa cha mlendo. Katunduyo ali pamsewu, wamufunditsa pulasitiki, ndipo mabuku wawaika pakati pa matiresi chifukwa mvula inali itayamba.

8.3 Mayi Chimwaza, amene anachoka m'mamawa kupita kutchalitchi ndipo samadziwa, anafuula nakhala pansi pa simenti.

8.4 Wapampando anafunsa chifukwa chake sananene zimenezi poyamba, m'malo mokhala maola awiri akufotokoza za nsomba katundu ali pamvula. Mayi Chikaonda anati, "Ndikananena mukanandimvera chisoni. Ine ndimafuna mundisiye m'buku chifukwa ndilibe mlandu."

8.5 Mayi Ajasi anati kwawo kuli malo pabalaza mpaka atapeza pena. A Dzimbiri anaimirira osapempha chilolezo kwa Wapampando, anatulutsa makiyi a baki yawo yonyamulira katundu, nauza a Lungu kuti asamangoyang'ana, anyamuke, matiresi sanyamulika ndi munthu mmodzi.

9. MSONKHANO WOTSATIRA

Lamlungu pa 1 Seputembala 2024, 2 koloko masana, malo omwewo. Tsikuli Wapampando analinena ali pakhomo akuvala jekete, ndipo Mlembi yekha ndiye analimva.

10. KUTSEKA

Msonkhano unatha nthawi ya 4:35 madzulo popanda pemphero lotsekera, chifukwa a Dzimbiri, amene amayenera kupemphera, anali ataliza kale galimoto, Mayi Chimwaza atakwera kumbuyo pamvula.

Wapampando: G. Mkandawire ....................

Mlembi: C. Makwinja ....................